PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA ANTHU OFUFUZA NTHENDA YA MALUNGO



Mvula ikayamba kugwa tikondwera tonse chifukwa cha mbewu, koma amayi a ana adziwa kuti pambuyo pa mvula pali mlendo wina wosachedwa kufika. Kuyambira Januwale kufikira Epulo mabenchi a pa chipatala adzala ndi ana otentha thupi, makamaka kuno kunsi kumene kutentha ndi madzi a Shire zikomera udzudzu. A bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, anawerenga kuti m'chaka cha 2023 malungo anapha anthu ngati 597,000. Mwa akufa 100 alionse, 95 anali a mu Africa muno, ndipo ochuluka a iwo anali ana osakwana zaka 5.

Dotolo ndi namwino tiwadziwa tonse, pakuti ndiwo atilandira tikadwala. Koma kuseri kwa iwo kuli anthu ena amene sitiwaona kawirikawiri. Iwo ndiwo afunsa kuti, Kodi mankhwala awa achizabe monga kale? Kodi udzudzu ukufabe ukatera pa masikito? Ntchito yawo itchedwa kafukufuku. Phunziro lino linena za iwo, kuti makolo ndi ana a sukulu adziwe kuti ntchitoyi ilipo, kuti siyitha msanga, ndi kuti khomo lake silitsekedwa kwa mwana wa m'mudzi.

1. UMO ANAPEZERA GWERO LA MALUNGO

Mtsinje womwewu umene tiwoloka pa mlatho wa Zalewa unaona maliro a alendo oyamba a mishoni. Mu Januwale 1862 Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero anafa ndi malungo pa chilumba cha pa mathiriro a Ruo, bwato lake litagubuduka ndi kutaya kwinini yense m'madzi. M'mwezi wa Epulo chaka chomwecho Mary, mkazi wa David Livingstone, anafa ndi nthenda yomweyo ku Shupanga pa Zambezi. Azunguwo anadziwa kuti kwinini athandiza, koma chobweretsa nthenda sanachidziwe. Anayesa kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Makolo athu nawo ankati ndi chimanga chachiwisi, kapena kuvumbwa ndi mvula, kapena ufiti. Onse anaphonya chimodzimodzi, pakuti anaona zinthu zofika nyengo imodzi ndi malungo, naziyesa mwini wake wa malungo.

M'chaka cha 1880 dotolo wa asilikali a ku France, dzina lake Alphonse Laveran, ali ku Algeria, anayang'ana dontho la mwazi wa wodwala pa galasi lokuza zinthu, lotchedwa maikulosikopu, naona tizilombo tamoyo m'katimo. Funso linatsala lakuti, Tilowa bwanji m'thupi? Ronald Ross anakhala zaka ziwiri ku India akutumbula udzudzu umodziumodzi osapeza kanthu, kufikira pa 20 Ogasiti 1897, pamene anatiwona tizilomboto m'mimba mwa udzudzu umene unaluma wodwala. Chaka chotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy anatsimikiza kuti mtundu wotchedwa Anopheles ndiwo utenga malungo a anthu. Anati akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ulendo wa tizilomboti uli wotere. Udzudzu waukazi uluma usiku, pakuti ufuna mwazi kuti ukhwimitse mazira ake. Polumapo ulavulira tizilombo, tomwe tithamangira ku chiwindi ndi kuswana m'menemo ngati sabata imodzi, munthu osamva kanthu. Pambuyo pake tituluka ndi kulowa m'timbulumbulu tofiira ta mwazi, titidya ndi kutiphulitsa masiku awiri alionse. Apo ndipo munthu anjenjemera, natentha, ndipo mwazi wake uchepa. Udzudzu wina ukaluma wodwalayo utenga mbewu ya nthenda, koma suyamba kupatsira ena kufikira atapita masiku 10 kapena kuposerapo. Chifukwa chake kupha udzudzu usanakalambe ndiko kudula ulendo wonse.

2. MANKHWALA AMENE ANALEKA KUCHIZA

Achikulire akumbuka chloroquine, wowawa uja, amene anachiza malungo zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1980 amayi anayamba kudandaula kuti mwana amwa mankhwala, achira masiku owerengeka, nadwalanso. Dandaulo lokha silikadasintha lamulo la boma, panafunika umboni. Ofufuza anachita motere: analemba dzina la mwana wodwala, namupatsa mankhwala iwo akuona, namuyezanso mwazi pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Atasonkhanitsa mabuku awo chinaoneka poyera kuti tizilombo tapirira. Chotero m'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kutenga SP, amene tinazolowera kumutcha Fansidar.

Nyengo yomweyo, kuyambira 1987 kufikira 1990, ku Mangochi kunali kafukufuku wamkulu wa amayi apakati, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake anali Mmalawi, Dotolo Jack Wirima. Anaona kuti tizilombo tibisala m'nsengwa, imene mwana adyeramo ali m'mimba, mayi osamva kudwala konse, koma mwana n'kubadwa wochepa sikelo. Kafukufuku wotsatira kumeneko anaonetsa kuti kumwa SP kawiri pa nthawi ya pakati kuteteza koposa kumwa chloroquine sabata ndi sabata. Mapiritsi amene amayi apatsidwa ku sikelo ya apakati anachokera pa kuwerenga kotereku, ndipo maiko ena ambiri anatsata mapazi a Malawi.

Taonani chodabwitsa china. M'chaka cha 2005 ofufuza anayesanso chloroquine pa ana a ku Ndirande, atapita zaka 12 chilekere, napeza kuti wachiza ana 99 mwa 100, pamene SP analephera pa ana ochuluka. Sitinena ichi kuti mukagule chloroquine, iyayi; boma silinamubweze, poopa kuti tizilombo topirira tingabwerenso kuchokera ku maiko oyandikana nafe. Tinena kuti mudziwe kuti mdaniyu asinthasintha. M'chaka cha 2007 tinalandira LA, amene mphamvu yake inachokera ku chitsamba chimene mayi wa ku China, Tu Youyou, anachifufuza mu 1972. Ndipo mu 2020 ofufuza a ku Rwanda anadziwitsa kuti kumeneko kwaoneka tizilombo toyamba kuuma mutu pa mankhwala a mtundu umenewu. Nanga tsiku limene LA adzayamba kufooka kuno, adzatichenjeza ndani, pakapanda alonda oyeza ndi kulemba?

3. ANA OKOMOKA KU CHIPATALA CHA GULUPU

Malungo owopsa koposa ndi aja agwira ubongo, mwana nachita linjirinjiri, nakomoka. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene tichitcha Gulupu, madotolo Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi Jack Wirima anafuna muyeso wodziwira kukula kwa chikomokere pa mwana wosatha kulankhula. Mu 1989 analemba muyeso wapafupi: kuona ngati maso a mwana atsata nkhope ya amake, kumva kaliridwe kake, ndi kuona ngati achotsa dzanja lopweteka. Wathanzi apata 5. Wopata 2 kapena kuchepera ali pangozi. Muyesowu udziwika pa dziko lonse ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score.

Pambuyo pake anapempha makolo oferedwa kuti alole kupima mitembo ya ana awo. Chinali chinthu cholemera kuchipempha ndi cholemera kuchilola, koma ena analola. Zotsatira zake, zolembedwa mu 2004, zinaonetsa kuti mwa ana 31 amene anayesedwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi nthenda zina. Anapezanso kuti dotolo akaunika m'kati mwa diso la mwana wamoyo angathe kusiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi nthenda zofanana nawo. Mu 2008 anaika makina ojambula ubongo, otchedwa MRI, ndipo mu 2015 anadziwitsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali wotupa kwambiri. Kutupako ndiko kupanikiza malo olamulira mpweya, mwana naleka kupuma. Makolo aja amene analola ali ndi gawo lawo m'nzeru imeneyi, ngakhale maina awo salembedwa.

4. OSAKA UDZUDZU

Pali ena amene ntchito yawo ndi udzudzu wokhawokha. Atchera misampha ya nyali m'nyumba usiku. M'mawa ayala nsalu zoyera pansi, napopera mankhwala, natola udzudzu wakugwa, nauwerenga. Aphunzira kuusiyanitsa. Anopheles akatera pa khoma aimika thako m'mwamba, pamene udzudzu wamba ukhala chogona. Mtundu wotchedwa arabiensis uswana m'tizithaphwi towala dzuwa, monga m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa. Wotchedwa funestus ukonda madzi osaphwa okhala ndi udzu, chotero upatsira malungo ngakhale m'chilimwe.

Poyesa mphamvu ya mankhwala a pa masikito, atsekera udzudzu m'kachubu kokhala ndi pepala lonyikidwa m'mankhwalawo ola limodzi, nawerenga wakufa m'mawa mwake. Mwa njira yotere kunadziwika mu 2010 kuti funestus wa pa chilumba cha Likoma wapirira mankhwala a pa masikito, ndipo zomwezo zinaoneka ku Chikwawa. Chifukwa cha ichi m'zaka zotsatira boma linayamba kugawa masikito onyikidwa m'mankhwala a mitundu iwiri. Mmodzi wa Amalawi odziwika pa ntchito imeneyi ndi Dotolo Themba Mzilahowa wa ku Malaria Alert Centre ku Blantyre.

Kunsi kwa Shire, m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, kuyambira 2016 kufikira 2018, anayesa njira ziwiri zoonjezera pa masikito: kumata mipata ya pakati pa khoma ndi denga pamodzi ndi kuika sefa m'mazenera, ndiponso kuthira mankhwala opha mphutsi za udzudzu m'zithaphwi. Anagawa midzi mwa maere, kuti pasakhale kukondera. Ogwira ntchito ambiri anali eni midzi omwe. Potsiriza ziwerengero sizinaonetse kuti midzi ya njira zatsopanozo inaposa midzi ya masikito okha. Ofufuza analemba chomwecho, osabisa. Apa pali phunziro lalikulu: wofufuza woona anena chimene wapeza, ngakhale sichimene mtima wake unafuna, pakuti yankho lakuti iyayi lipulumutsa ndalama za dziko kuti zipite kumene zithandiza.

5. KATEMERA NDI ANA OCHEPA MWAZI

Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu m'boma la Lilongwe, Malawi anakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo, wotchedwa RTS,S, kwa ana a ku sikelo. Ghana ndi Kenya anatsata. Anayamba m'maboma 11, ena a iwo Balaka, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje. A ku Malaria Alert Centre, amene Profesa Don Mathanga anawatsogolera zaka zambiri, anali mwa olondola anawo m'midzi ndi m'zipatala. Mu Okutobala 2021 a WHO anavomereza katemerayu, ndipo kuwerenga kwa m'maiko atatuwo kunaonetsa kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinachepa ndi 13 pa 100. Katemerayu satchinga malungo onse, masikito afunikabe.

Profesa Kamija Phiri anafunsa funso lina: Nanga ana aja athiridwa mwazi m'chipatala chifukwa cha malungo, bwanji ambiri abweranso kapena afera kunyumba miyezi yoyamba? Anayesa kuwapatsa mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi atatuluka, ndipo zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti athandizidwa. Ena anayesanso ku Kenya ndi ku Uganda, ndipo mu 2022 a WHO anailangiza njirayi kwa maiko a malungo ochuluka. Funso la Mmalawi linasanduka lamulo la mitundu yambiri.

6. MAKWERERO A NTCHITOYI

Mwina wina adzati, Awa ndi maprofesa. Mwana wanga wa ku Zalewa afikako bwanji? Dziwani kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili liri ndi osenza a misinkhu yambiri.

Poyamba pali mlangizi wa zaumoyo, amene ayeza mwana m'mudzi pobaya chala, napereka LA, nalemba m'kaundula. Kuno ku Neno, kumene a Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba kugwira ntchito ndi boma mu 2007, tizolowera kuona oyendera makomo. Kaundula wa ku Zalewa aphatikizidwa ndi wa ku Lisungwi ndi wa zipatala zina, napita ku boma, kufikira ku likulu. Wolemba mwaulesi pano asocheretsa dziko lonse.

Pali ofunsa mafunso m'makomo. Iwo ndiwo anatidziwitsa kuti mu 2010 ana 43 mwa 100 osakwana zaka 5 anali ndi tizilombo m'mwazi, ndi kuti mu 2017 anatsika kufika 24. Pali oyeza mwazi pa maikulosikopu, ndi anamwino a kafukufuku, ndi othandiza madotolo. Otere aphunzira ku Malawi College of Health Sciences, kapena ku Malamulo m'boma la Thyolo. Pali odziwa masamu ndi kompyuta, osanthula ziwerengero, amene ambiri aphunzira ku University of Malawi ku Zomba. Za ukhondo wa m'midzi ziphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre. Madotolo aphunzira ku sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndi dzina lakuti College of Medicine, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi sukulu ya anamwino kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Pafupi pake pali Malawi-Liverpool-Wellcome, yoyamba mu 1995, kumene anyamata ndi asungwana otsiriza maphunziro aphunzira kufufuza pansi pa akulu.

Khomo la zonsezi ndi limodzi: mayeso a MSCE, makamaka masamu, Chingerezi, Biology, Chemistry ndi Physics. M'mera mpoyamba. Mwana woopa masamu mu Sitandade 5 afunika womulimbikitsa lero. Ndipo musatsekereze asungwana. LA amene achiza ana athu anayamba m'manja mwa mkazi.

Sitibisa zovuta zake. Maphunziro atenga zaka zambiri ndi ndalama. Ntchito zambiri za kafukufuku zili za nyengo, zitha pamene ndalama zake zatha, ndipo ndalamazo zichokera makamaka kunja. Mu 2025, pamene boma la America linachepetsa thandizo lake ku maiko ena, ntchito zambiri za umoyo mu Africa zinagwedezeka. Wolowa ntchitoyi pofuna chuma chamsanga adzakhumudwa. Komatu chomwecho chitiphunzitsa kuti nkhondo ya pakhomo pathu siyenera kutsamira alendo okha.

7. MAKHALIDWE A WOFUFUZA, NDI GAWO LA MUDZI

Wofufuza ayenera kukhala woona. Wotumidwa kuyendera makomo 20, akakhala pansi pa mtengo wa mango nadzaza mapepala ndi za m'mutu mwake, wanama, ndipo bodza lakelo lingaphe ana amene sadzawaona. Ayenera kukhala wodekha, pakuti galasi limodzi la mwazi lifuna maso osathamanga. Ayenera kusunga chinsinsi cha odwala, ndi kulemekeza mafumu ndi eni nyumba.

Mudzi nawo uli ndi gawo lake. Tikumbuka ndi chisoni chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu osachimwa naphedwa, ndipo antchito a zaumoyo anaopa kulowa m'midzi. Mantha otere akula pamene palibe wofotokoza. Tsono dziwani ufulu wanu. Kafukufuku aliyense ayenera kuyamba waloledwa ndi komiti yoteteza anthu, monga ya boma kapena ya ku sukulu ya madotolo. Ofufuza akafika ayenera kudzera kwa amfumu, kuonetsa makalata awo, ndi kufotokoza m'Chichewa chimene afuna, kuchuluka kwa mwazi umene atenga, ndi kumene upita. Muli ndi mphamvu yofunsa, yokana, ndi yotuluka pakati, ndipo wokana salandidwa chithandizo ku chipatala. Safunsa anadya phula. Koma mutafunsa ndi kumvetsa, musawabweze chifukwa cha mphekesera za pa msika. SP wa amayi apakati ndi katemera wa ana tili nazo chifukwa midzi ina inatsegula makomo.

Ndipo palibe chochotsa mantha koposa ichi, kuti wobwera ndi buku ndi kasingano akhale mwana wathu, wodziwa kugwada pamaso pa akulu, wodziwa dambo liti lisunga madzi m'chilimwe ndi njira iti iduka Lisungwi akadzala. Makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo, yang'anani m'sukulu zanu mwana wokonda kufunsa kuti bwanji, wosatopa ndi kuwerenga, wosanama. Mumuuze za ntchito imeneyi, ndipo musonkherane pa fizi yake. Kufikira atakula, mangani masikito usiku uliwonse, fotserani maenje a njerwa, ndipo mwana akatentha thupi mupite naye kukayezetsa tsiku lomwelo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO

1. Chifukwa ninji makolo athu anayesa kuti chimanga chachiwisi chibweretsa malungo?
2. Ofufuza anadziwa bwanji kuti chloroquine waleka kuchiza?
3. Kafukufuku wa ku Majete atiphunzitsa chiyani za kunena zoona?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene muyenera kufunsa ofufuza akafika m'mudzi mwanu.
5. M'mudzi mwanu muli malo angati osunga madzi, ndipo adzawafotsera ndani sabata ino?

Tsalani ndi mtendere. Ndife abale anu a ku Zalewa.